Zithunzi Zomwe Ndinakana Kuwotcha

Ana anga, mwakhala mukundikakamiza kuti ndilembe za ntchito yanga ndisanayambe kuiwala. Za kumudzi ndi za kusukulu mukafunse azakhali anu, iwo ndiye amadziwa kuzikometsa. Ine ndiyambira pomwe ndinayamba kudya ndalama ya boma. Mayina ena ndawasintha, ndipo khoti lomwe ndinkagwirako sindilitchula. Amene mukulidziwa, khalani chete.

1991

Ntchito yanga yoyamba inali yomasulira mawu m'khoti lina la kuchigwa, kumene mlandu waukulu unkakhala wa mbuzi yobedwa kapena wa munthu wogwidwa ndi nyama ya m'tchire. Ndinakhalako zaka zambiri, ndipo ndinatchuka ndi zinthu ziwiri, Chingerezi chomveka ndi mtima wapachala. Chachiwirichi simufunika umboni, munakula nacho. M'chaka chomwe boma linasintha ananditumiza kuno ku Chipata kuti ndikhale kalaliki wa khoti lina la majisitireti. Amayi anu anasangalala chifukwa chipatala ndi sukulu zinali pafupi. Ine ndinasangalala mlungu woyamba wokha.

Kalaliki wa khoti amasunga mafayilo, amaitana milandu, amalumbiritsa mboni, komanso amasunga katundu yense amene apolisi abwera naye ngati umboni. Womasulira wathu atapuma pantchito sanatumizenso wina, ndiye ntchito yake inagweranso ine, malipiro osasintha. Mapepala ankasowa mpaka tinkatembenuza zikuto za mafayilo akale n'kulemba kuseri. Riboni ya taipi tinkaidontheza mafuta a makina osokera kuti ilembeko pang'ono. Galimoto ya apolisi ikasowa mafuta, akaidi sankabwera, ndipo mboni zochokera kutali ngati ku Chipangali zinkabwerera osanena kanthu, zikutukwana ine ngati ndine ndamwa dizilo. Koma chomwe chinkandidwalitsa mutu chinali chipinda chosungira umboni. Munali njinga zobedwa, nkhwangwa, matumba a chamba, zigubu za kachasu zomwe zinkaphwa zokha popanda wozitsegula, ndi makoswe onenepa kuposa akaidi. Loko wake anathyoka kalekale, chitseko tinkamanga ndi waya. Chinthu chokhacho chotsekeka bwino m'khoti monse chinali sefa yachitsulo ya mu ofesi yanga, ndipo kiyi wake ankakhala pa lamba wanga.

Bwana wanga woyamba anali a Mulenga, majisitireti wachikulire wa kumpoto, munthu wofatsa ngati sanakwiyepo chibadwire. Akamva ndikukalipira munthu pakhonde ankatsegula chitseko pang'ono n'kunena m'Chinyanja chawo chopindika, "Tembo, amene aweruza pano ndine. Iwe lemba chabe." Tinalinso ndi mesenjala, a Lungu, bambo wamkulu wopemphera, wosaba ngakhale pensulo. Vuto lawo linali pakamwa. Chomwe aona m'mawa, masana chinali chitafika kale kumsika.

1994

Lamlungu lina tikuchokera kutchalitchi, amayi anu anabwera ndi mtsikana wina yemwe ndimutcha Enelesi. Anali mphunzitsi pasukulu ya mishoni ku Chiparamba, mwana wa mkulu wa mpingo, ndipo anali atangokwatiwa kumene ndi mnyamata wa ku Mtenguleni wogwira ntchito yogula thonje ku Chipangali. Amayi anu anakutulutsani nonse kuti mukasewere kutali, anatseka chitseko, n'kunena kuti, "Bambo a Dalitso, mumve mpaka kumapeto musanaimirire."

Inu a masiku ano mumajambulana ndi foni, ndiye ndikufotokozereni. Nthawi imeneyo wofuna chithunzi ankaitana wojambula. Iye ankatumiza filimu ku Lusaka pa basi kuti akaitsuke, ndipo zithunzi zinkabwerera m'manja mwake pamodzi ndi manegativi, timapepala takuda tomwe munthu angatsukitsire zithunzi zina zambiri momwe wafunira. Wojambula wina, ndimutcha Fakisoni, anali ndi situdiyo pafupi ndi msika. Panja pake panali bolodi pomwe ankapachika zithunzi za anthu omwe sanabwere kudzazitenga, ndipo aliyense wopita kukagula tomato ankaima kaye pamenepo kuona ngati pali nkhope yoidziwa.

Fakisoni ameneyu ndi amene anaitanidwa kudzajambula phwando la amayi la Enelesi, ukwati usanachitike. Phwando la panja litatha, alangizi anamulowetsa Enelesi m'nyumba kukamupatsa mwambo wa m'banja. Kumeneko mwamuna safikako, ngakhale pafupi ndi zenera, chifukwa mkwatibwi amakhala atangomanga chitenje m'chiuno ndi mikanda yake. Azakhali ake, a Nambewe, anafuna chikumbutso choti mwanayo azikasunga yekha pansi pa sutikesi. Anamuthamangitsa Fakisoni kuti akaime kumsewu, koma kamera anamubwereka. Iye anawaonetsa podina, akumwetulira. Amayiwo anatseka zitseko, anatchinga mazenera ndi zitenje, anaika mayi wina wa ndodo pakhomo, anajambulana bwinobwino. Atatha anatuluka n'kumubwezera kamera, filimu ili momwemo, kuti akawatsukire. Pa amayi onse aja panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza kuti wolandira zithunzi amayamba waziona.

Enelesi ankafotokoza maso ali pansi. Anati atabwera kutauni kudzalandira malipiro, Fakisoni anamuimitsa pamsewu n'kumuonetsa chithunzi chimodzi m'kati mwa jekete. Poyamba anafuna ndalama, ndipo anamupatsa. Mwezi wotsatira anamupatsanso. Kenako Fakisoni anamuuza kuti ndalama sakuzifunanso, akufuna kuti azibwera yekha kusitudiyo, kuchipinda cha kuseri. Akakana, chithunzi chimodzi chipita pa bolodi, china kwa ahedi a sukulu ya mishoni, china kwa mwamuna wake.

Sindinadikire kumapeto. Ndinazindikira ndili chilili, mpini wa khasu uli m'manja. Amayi anu anali ataima kale pachitseko.

"Mukupita kuti?"

"Choka, ndikamuthyole manja ajambulire mapazi."

"Mukamumenya lero, mawa inu muli m'selo, zithunzi zili pa bolodi. Mwana wabwera kwa munthu wa kukhoti, osati kwa chigawenga. Khalani pansi."

Ndinakhala pansi. Ndinamuuza Enelesi mosapita m'mbali. Kumupatsa zomwe akufuna sikudzatha, chifukwa manegativi ali nawo. Kupita kwa akuluakulu a kumudzi, adzamulipitsa mbuzi, iye adzabweza zithunzi ziwiri zitatu, manegativi n'kutsala m'thumba mwake. Njira yotsala inali ya polisi. Kuopseza munthu kuti akupatse ndalama kapena thupi lake ndi mlandu wopita nawo kundende. Majisitireti atha kusaina chilolezo choti apolisi akaseche situdiyo ndi nyumba, atenge zonse. Woimira boma pamlandu, prosekyuta, atha kupempha kuti mlandu umvedwe anthu atatulutsidwa. Ndipo munthuyo akapezeka wolakwa, khoti litha kulamula kuti zithunzi ndi manegativi ziwotchedwe.

"Mwati atha, atha," anatero Enelesi. "Nanga akapanda kutero?"

"Akapanda kutero envulopu idzatsegulidwa anthu ali momwemo. Sindikunamizani, aphunzitsi."

"Adzaziona ndani?"

"Wapolisi wosecha. Prosekyuta. Majisitireti."

"Inunso?"

"Ndikatha kupewa ndidzapewa. Koma musanapite kupolisi, amuna anu amve kuchokera pakamwa panu, asamvere kumsika."

Enelesi anati wamva. Anapitadi ku Chipangali. Zomwe anakambirana kumeneko sindikuzidziwa, koma mwamunayo ndi amene anamuperekeza kupolisi pa njinga, nkhope ili gwa. Apolisi anachita mwanzeru. Wapolisi wamkazi anavula yunifomu, anamanga chitenje ndi duku, n'kupita ndi Enelesi kusitudiyo ngati mayi wake wamng'ono wodzapepesa. Fakisoni ataona mayi wa kumudzi akugwada anamasuka, anabwereza zonse, mpaka kuloza bolodi ndi chala. Tsiku lomwelo anamumanga, anasecha, ndipo envulopu yakhaki yomatidwa ndi kudindidwa inafika pa tebulo langa. A Mulenga anaiyang'ana osaikhudza. "Iyi isapite kwa makoswe, Tembo. Ika mu sefa. Prosekyuta akapempha, ndidzatseka chitseko." Ndinapita kunyumba mtima uli m'malo. Ndinkaganiza kuti ikafika Khirisimasi nkhani idzakhala itatha.

1995

Sinathe. Tsiku loyamba mlandu unaimitsidwa chifukwa wapolisi wosecha anali kumaliro. Tsiku lina prosekyuta anadwala malungo. Fakisoni anatuluka pa belo n'kukatsegulanso situdiyo ndi kamera yobwereka. Ndiye mvula isanathe kunabwera uthenga woti a Mulenga asamutsidwa, apite kwina mwezi womwewo, mlandu usanayambe n'komwe. Lonjezo lawo linali la pakamwa, ndipo linakwera nawo lole pamodzi ndi mipando yawo. Kwa miyezi ingapo tinakhala opanda majisitireti, envulopu ili mu sefa, kiyi ali pa lamba wanga. Ndinayamba chizolowezi chogwira kiyi uja ndikuyenda, ndikudya, ngakhale ndili m'tchalitchi. Ndikafika pakati pa njira yobwerera kunyumba ndinkayamba kudzifunsa ngati ndatsekadi sefa, ndipo kangapo konse ndinabwerera kukagwedeza chitseko chake.

Tsiku lina ndinatulutsa zinthu mu sefa pofuna fayilo ina, wina n'kundiitana pakhonde. Pobwera ndinapeza a Lungu atanyamula envulopu ija, akuiunika padzuwa la pazenera, diso limodzi atatsinzina. Ndinawagwira pakolala mpaka mabatani anadumpha.

"A Tembo, mundipha! Ndimangoona ngati chiswe chalowa!"

"Chiswe ndinu! Mukatsegula pakamwa kumsika, mano amenewa mudzawatolera m'chipewa."

Analumbira kuti sanaone kanthu, ndipo ndikukhulupirira, pepala lake linali lochindikala. Koma kaya ndi iwo, kaya ndi apolisi, kaya ndi Fakisoni mwini, tauni yonse inayamba kukamba za mlandu wa zithunzi za aphunzitsi. Anthu omwe sindinalankhulepo nawo anayamba kundipatsa moni mwaulemu n'kufunsa tsiku la mlandu. Ku Chiparamba ahedi anamuitana Enelesi n'kumuuza kuti akudikira zomwe zituluke kukhoti, koma chithunzi chikangooneka ndi anthu, makolo sadzalola kuti aimenso pamaso pa ana awo.

Majisitireti watsopano anali a Sitali, mnyamata wa ku yunivesite, wamagalasi, wosaseka. Tsiku lawo loyamba anatisonkhanitsa n'kutiuza m'Chingerezi kuti amva kuti m'makhoti a kutali milandu imathera m'maofesi, ndipo iwo zimenezo sazifuna. Khoti lawo likhala lotsegula, aliyense aziona chilungamo chikuchitika. Mawu abwino ndithu, ndipo tsiku lina lililonse ndikanawomba m'manja. Tsiku limenelo ndinangogwira kiyi wa pa lamba. Mlungu womwewo ndinakumana ndi Fakisoni pafupi ndi msika. Anakweza chipewa.

"Bwana kalaliki, mwachoma bwanji? Katundu wanga mukusunga bwino? Manje ndamva bwana watsopano satseka chitseko. Ine ndinafuna kuonetsa pa bolodi chabe, imwe mudzaonetsa boma lonse, mahala, osalipiritsa munthu."

Mpaka lero sindidziwa chomwe chinagwira dzanja langa. Ndinaluma mlomo mpaka ndinamva mchere, n'kudutsa.

Mlandu utatsala pang'ono, a Nambewe anabwera kunyumba. Anali mayi wamkulu wa thupi, wodziwika pa maukwati onse a ku Chiparamba, koma tsiku limenelo anali atatha ngati wodwala. Anakana mpando. Anagwada pafumbi pabwalo pathu, mayi woti akanatha kundibala.

"A Tembo, wolakwa ndine, mwana uja sanalakwe. Ndadzapempha chinthu chimodzi. Kiyi muli naye ndinu. Kawotcheni."

"Amayi, dzukani. Zimenezo ndi zondimangitsa."

"Adzakumangani ndani? Kukhoti kwanuko makoswe amadya chamba, kachasu amauma yekha, munamangidwapo? Mudzati chiswe. Mwana sakudya. Apongozi ake ku Mtenguleni anena kale kuti zinthuzo zikaonekera pagulu, mwana wawo asabwerere m'nyumba imeneyo. Ndipo si Enelesi yekha ali m'menemo. Muli amayi a mumpingo, muli zinthu zomwe mwamuna sayenera kuziona. Inu muli ndi ana aakazi, a Tembo."

"Enelesi ndi amene wakutumani?"

"Iye sakudziwa kuti ndabwera. Iye angoti munamuuza zoona, ndiye adikira. Koma ine sindingadikire."

Ndinawakalipira kuti asadzabwerenso kunyumba kwanga ndi nkhani za kukhoti, ndipo anapita akulira. Koma kukalipa kunali kwa pakamwa chabe. Mawu awo anandilowa, chifukwa ambiri anali oona. Envulopu ikanasowa, ndikanalandira kalata yondichenjeza, mwina kundisamutsira kuchigwa, basi. Ndipo ndine amene ndinamutumiza mwana wa eni kupolisi. Zikanaonekera m'khoti lodzaza, zikanakhala kuti ndamuchita zoposa zomwe Fakisoni ankafuna kumuchita.

M'mawa mwake ndinalawirira kuntchito a Lungu asanafike. Ndinatseka ofesi, ndinatulutsa envulopu, ndinaiika pa tebulo. Machesi anali m'thumba, ndinachita kugula pa kantini panjira, ine wosasuta fodya. Ndinakhala pamenepo thukuta likutsika ngakhale kunali kozizira. Ndinaganiza za Enelesi ataima m'bokosi la mboni, chithunzi chikuyenda m'manja, anthu akusuzumira. Kenako ndinaganiza za tsiku lomwelo popanda envulopu. Fakisoni akanati zithunzi zake ziti, ndionetseni, mayiyu ankandifuna yekha ndiye ndinamukana. Enelesi akanatuluka m'khoti ali wabodza, mwina wachiwerewere, pamaso pa anthu omwewo. Fakisoni akanatuluka ndi kamera yake, atadziwa kuti njira imeneyi imagwira ntchito, ndipo maukwati ku Chipata sanathe. Chinanso, mwini nkhani anali asanandipemphe. Iye anasankha khoti akudziwa kuopsa kwake, ndiye ine ndinali ndani kuti ndimusankhire zina kumbali, iye osadziwa? Sindinganene kuti mtima unakhazikika. Ndinangobweza envulopu mu sefa, ndinatseka, machesi ndinakawataya m'chimbudzi kuti ndisawaonenso.

Nditatero ndinakagogoda kwa a Sitali, chinthu chomwe kalaliki sayenera kuchita. Ndinawauza kuti pa mlandu wakutiwakuti a Mulenga ananena kuti adzatseka chitseko, ndipo ntchito ndi banja la mkazi wa mwini zili pamenepo. Anavula magalasi.

"A Tembo, kodi ndinu prosekyuta?"

"Ayi, bwana."

"Ndinu loya wa mayiyu?"

"Ayi, bwana. Koma ndine ndidzanyamule zinthuzo m'manja mwanga kuwapatsa, ndiye ndati mudziwe."

"Pempho limachokera kwa prosekyuta, m'khoti, woimbidwa mlandu akumva. Ndikamva pamenepo ndidzayankha pamenepo. Mukabweranso muno ndi mlandu womwe sunayambe, ndikulemberani kalata. Tulukani."

Ndinatuluka makutu akulira. Ndinapita kwa prosekyuta n'kumuumiriza mpaka analemba pempholo pachikuto cha fayilo yake kuti asaiwale. Kupitirira apo panalibenso chomwe ndikanachita. Masiku otsalawo chakudya chinkandikanika, ndipo inu ana munkayenda monyang'ama m'nyumba osadziwa chomwe mwalakwa.

Tsiku la mlandu khoti linadzaza kuposa pa mlandu wakupha. Amayi a kumsika anasiya malonda, anyamata a pa siteshoni ya basi anakhala mpaka m'mazenera. Mwamuna wa Enelesi sanalowe, anakhala pansi pa mtengo panja, njinga ataitsamiritsa pamwendo. Enelesi anavala diresi la buluu lofika kumapazi, anakhala pakati pa amayi anu ndi a Nambewe. Ndinaitana mlandu. Prosekyuta anaimirira n'kupempha kuti, chifukwa cha mtundu wa umboni, anthu atuluke. Ndinamasulira. Anthu anang'ung'udza. A Sitali anamufunsa Fakisoni, yemwe analibe loya, ngati ali ndi chonena.

"Bwana, ine ndikana. Anthu aone okha ngati ndine ndinajambula. Ndilibe chobisa ine."

Zimenezonso ndinamasulira, liwu ndi liwu, ndikumuyang'ana pakhosi. A Sitali anayamba kulemba. Analemba, analemba, anatembenuza pepala, anatsegula buku la malamulo, analembanso. M'khoti munali zii, cholembera chokha chikumveka. Ndinayang'ana envulopu pa tebulo langa n'kudziuza kuti, Tembo, machesi unali nawo. Kenako anawerenga. Anati khoti ndi la anthu onse ndipo salitseka mwachisawawa. Ndinamasulira. Anapitiriza kuti koma woimbidwa mlandu akumuganizira kuti ankaopseza kuonetsa zithunzizi pagulu, ndipo khoti silingamugwirire ntchito imeneyo. Aliyense wosakhudzidwa atuluke, mazenera atsekedwe, wapolisi aime panja. Chiganizo chomalizachi ndinachimasulira mokuwa mpaka a Sitali anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. A Lungu, omwe ankafunitsitsa kutsala, ndinawatulutsa ndekha.

Zotsalazo sizinali zophweka. Envulopu inatsegulidwa, ndipo lamulo limafuna kuti mboni izindikire umboni. Ndinatenga zithunzizo chozondotsa, maso anga ali kudenga, n'kukamupatsa Enelesi. Anatukula kangodya ka chilichonse n'kumati, "Ndine." Mawu ake sananjenjemere. Fakisoni atapatsidwa mpata womufunsa anayesa kumuchititsa manyazi, ankafuna afotokoze zomwe zinkachitika m'chipindamo, koma a Sitali anamudula kuti mlandu si wa mwambo, ndi wa kuopseza. A Nambewe anavomera m'bokosi kuti anadina ndi iwo, akulira mpaka ndinasowa chomasulira. Wapolisi wamkazi uja anabwereza mawu onse omwe anamva atagwada m'situdiyo. Patapita milungu ingapo chigamulo chinatuluka. Fakisoni anapezeka wolakwa, anapita kundende, ndipo khoti linalamula kuti nthawi ya apilu ikatha, zithunzi ndi manegativi ziwotchedwe pamaso pa kalaliki, prosekyuta ndi mwini wake.

Apilu sanachite. Tinawotchera kuseri kwa khoti, pa mbaula yomwe tinabwereka kwa mayi wogulitsa chimanga chootcha. Enelesi anaponyamo yekha, chimodzichimodzi, chozondotsa. Manegativi anapindika, ananunkha ngati pulasitiki, n'kusanduka phula lakuda. Anatakasa phulusa ndi kamtengo mpaka panalibe kanthu kooneka. Prosekyuta anasaina n'kumapita. Tinatsala awiri, mwamuna wake akudikira chapatali ndi njinga.

"Bambo Tembo, zatha zonse?"

"Zomwe apolisi anapeza zatha."

Anandiyang'ana. "Sindinafunse zimenezo."

"Ndamva zomwe mwafunsa, aphunzitsi. Koma filimu ija inapita ku Lusaka, inadutsa m'manja mwa anthu omwe sindikuwadziwa. Fakisoni analumbira kuti palibe zina, ndipo Fakisoni mukumudziwa. Khoti limawotcha zomwe lagwira. Ndikanena kuti zonse, ndikhala ndakunamizani."

Amayi anu atamva anandikalipira mlungu wathunthu. Ankati ndi munthu wotani wolephera kunena "inde" mmodzi yekha kuti mwana akagone tulo. Mwina ankanena zoona. Koma Enelesi sanalire. Anapukuta manja pachitenje, anayang'ana mbaula, n'kunena kuti, "Chabwino. China chikadzatuluka ndidzabweranso. Khomo ndalidziwa tsopano." Anakwera pakaliyala ya njinga ya mwamuna wake, anapita.

Ntchito yake sinathe, banja lake silinathe. Fakisoni atatuluka kundende anasamukira kwina, sindikudziwa kuti, ndipo sindikudziwa chomwe ananyamula. Ine ndinagwirabe ntchito pakhoti lija mpaka kupuma, ndipo Enelesi sanabwere. Masiku ano ndi agogo, tsitsi layera. Ndimakumana naye mwa apo ndi apo m'tauni, kawirikawiri kumapeto kwa mwezi pamzere wa penshoni. Ndikangomuona patali akubwera cha kumene ndili, ndimadikira kuti ndione ngati aima n'kunena kuti, Bambo Tembo, ndili ndi mawu. Amafika, amapinda bondo pang'ono, amafunsa za amayi anu ndi za miyendo yanga. Mpaka lero amangodutsa.